Nyimbo ya machona yochokera ku New Orleans

M'midzi ya ku Tsangano ndi ku Macanga, mukakhala pansi ndi agogo n'kuwafunsa za mtundu wawo, sipapita nthawi asanatchule munthu amene anachoka osabwerako. Wina ndi malume amene anapita ku mafamu a fodya a ku Southern Rhodesia, poti kuyambira mu 1913 boma la Apwitikizi linali litapangana ndi la kumeneko kuti azilemba anthu a ku Tete ntchito. Wina anayamba waoloka malire kulowa m'Nyasaland, n'kukalembetsa kwa olemba anthu ntchito a Mthandizi kapena a Wenela ngati munthu wa ku Ntcheu kapena ku Dedza, n'kukathera ku Southern Rhodesia komweko kapena ku Joni. Wina anangothawa chibalo usiku, osatsanzika ngakhale mkazi wake. Amenewa ndiwo machona, ndipo ali ndi nyimbo zawo: zomwe akazi osiyidwa ankaimba pamtondo, ndi zomwe eni akewo ankaimba ndi bangwe kapena banjo m'makomboni akutali.

Ine nyimbo ya House of the Rising Sun ndimaiwerengera pamodzi ndi zimenezo. Ena adabwa, chifukwa imeneyi ndi nyimbo ya rock, ya Chingerezi, yomwe anyamata asanu a ku Newcastle ku England, odzitcha The Animals, anajambula mu 1964. Simungaimve pa zokuzira mawu za pamsika wa Tsangano pomwe alimi akutsitsa matumba a mbatata ya kachewere ndi kabichi, ndipo mnyamata woika nyimbo m'mafoni ku Furancungo angayambe wakufunsani kawiri musanamvane. Koma chimvetsereni nkhani yomwe ikukambidwa m'nyimboyi, sindinathenso kuimva ngati ya alendo.

Woimbayo ndi munthu amene moyo wamuthera mumzinda wa New Orleans ku America. Kuli nyumba ina kumeneko yomwe inamumeza, monga inamezera anzake ambiri. Akukumbukira mayi ake, amene ankadyetsa banja ndi ntchito yosoka, ndi bambo ake, munthu wa juga ndi mowa, amene zake zonse zinali zokwana kunyamula m'manja. Sakudziikira kumbuyo ndipo sakupempha chifundo. Akungotumiza chenjezo kwa ana amene sanachoke pakhomo, kenako n'kukwera sitima yobwerera komwe kunamuwonongako. Mbali yomalizayi ndiyo imandilasa mtima. Munthu akudziwa bwinobwino chomwe chamupha, akutha kuchitchula dzina, koma miyendo ikumutengera komweko.

Aliyense amene anakula akumva A Phiri Anabwera, nyimbo ya Chinyanja yomwe Nashil Pichen Kazembe wa ku Zambia anatchuka nayo m'zaka za m'ma 1970, aona msanga chibale chake. A Phiri aja anakhalitsa kutauni osatumiza kanthu kwawo, ndipo pomwe ankafika kumudzi ndi sutikesi yopanda kanthu anapeza abale awo atatha kumwalira. Kusiyana kulipo: a Phiri tikuwaona ndi maso a anthu a kumudzi, ndipo gitala ya Kazembe imavinitsa ngakhale nkhaniyo ili yachisoni. Mu House of the Rising Sun akulankhula ndi mtchona mwini, akadali komwe anatchonako, ndipo palibe chovinira. Mbali imeneyi ya nkhani kwathu sitiimva kawirikawiri, chifukwa amene akanaifotokoza anaikidwa m'manda a m'mafamu ndi m'migodi.

Nyimboyi imayamba ndi gitala yokha. Hilton Valentine sakhwatcha nsambo zonse pamodzi, amazidoda imodziimodzi, kukwera n'kutsika, pa makodi asanu okha omwe wophunzira aliyense amayamba nawo: A minor, C, D, F ndi E. Kugunda kwake n'kwa katatukatatu, kozungulira, ndipo khutu lozolowera ng'oma za kwathu silivutika kukutsata. Kenako amalowa Eric Burdon, mnyamata wa zaka 23 panthawiyo, ndi mawu apansi, ngati munthu wotopa. Pofika ndime yachiwiri amakweza mawu mpaka kukhala ngati akung'ambika. Pansi pake limba lamagetsi la Alan Price, la mtundu wa Vox Continental, limayamba monong'ona, n'kumakula pang'onopang'ono, mpaka pakati pa nyimbo limalanda bwalo lonse. Amene anakulira m'tchalitchi momwe muli limba adzamva kuti likulira mwachipembedzo, koma pano likuperekeza munthu wopita kukawonongeka. Chas Chandler pa besi ndi John Steel pa ng'oma sachita zodzionetsera. Amangosunga kayendedwe kake kuti kasafulumire, ndipo kudziletsa kumeneko n'kumene kumapatsa nyimboyi ulemu.

Anaijambula pa 18 Meyi 1964 m'situdiyo ina yaing'ono ku London, ali pakati pa ulendo woimba m'mizinda ya ku Britain pamodzi ndi Chuck Berry. Anaisankha dala. Anadziwa kuti pa nyimbo zothamanga sangapikisane ndi Berry, choncho anafuna yomwe anthu angaikumbuke potuluka m'holo. M'situdiyomo anaiimba kamodzi kokha, osabwereza, ndipo zomwe timamva lero ndi zomwezo. Inatalika mphindi zinayi ndi theka, pomwe nyimbo za pawayilesi masiku amenewo sizinkapitirira kwenikweni mphindi zitatu. Ku Britain inatuluka yathunthu, koma ku America anaidula kuti ichepere mphindi zitatu. Inakwerabe pa nambala 1 mbali zonse ziwiri: ku Britain mu Julayi 1964, m'masiku omwe Malawi ankalandira ufulu wodzilamulira, ndipo ku America mu Seputembala, mwezi womwe Frelimo inayamba nkhondo yomenyera ufulu ku Chai, m'chigawo cha Cabo Delgado.

Koma The Animals sanaipeke. Palibe amene angaloze munthu amene anaipeka. Mawu ake anasindikizidwa kale mu 1925 m'magazini ina ya ku America, pa tsamba lomwe Robert Winslow Gordon ankasonkhanitsapo nyimbo zakale za anthu wamba. Mbale yakale kwambiri yomwe ikudziwika ndi ya mu 1933, ya Clarence Ashley ndi Gwen Foster, oimba a kumapiri a Appalachia, ndipo Ashley ankanena kuti anaiphunzira kwa agogo ake aamuna. Mu 1937 Alan Lomax, amene ankayenda m'midzi ndi makina ojambulira mawu m'dzina la Library of Congress, anafika ku Middlesboro ku Kentucky, dera la migodi ya malasha. Kumeneko mtsikana wa zaka 16, Georgia Turner, mwana wa munthu wogwira ntchito mumgodi, anamuimbira nyimboyi pakamwa pokha, popanda choimbira chilichonse. Momwe Georgia anaimbira, wolankhulayo ndi mkazi, wamowa uja ndi chibwenzi chake, ndipo chenjezo likupita kwa mng'ono wake. Lomax ankakhulupirira kuti mizu yake ili m'nyimbo zakale za ku England zomwe zinaoloka nyanja ndi anthu osamuka. Za nyumbayo akatswiri amatsutsanabe: ena amati inali ya mahule, ena ya juga, ena ndende ya akazi. Ku New Orleans kunalidi hotela ya dzina lofanana nalo mumsewu wa Conti, yomwe inapsa mu 1822, koma nyimboyi yakhala ndi moyo popanda kudalira kuti nyumbayo ipezeke.

Kuchokera kwa Lomax inayenda pakamwa ndi pakamwa pakati pa oimba odziwika. Woody Guthrie, Josh White ndi Lead Belly anaijambula m'zaka za m'ma 1940. Joan Baez anaiimba mu 1960. Dave Van Ronk wa ku New York anaipatsa makodi atsopano okhala ndi besi yotsika masitepe, ndipo Bob Dylan anatenga kaimbidwe kameneko n'kukaika pa chimbale chake choyamba cha mu 1962 asanamupemphe mwini wake, zomwe zinawadanitsa kwa kanthawi. Burdon yekha amati anaimva koyamba m'kalabu ina ku Newcastle kwa Johnny Handle, woimba nyimbo za anthu a m'migodi. Ndimaona kuti sizinangochitika mwangozi kuti nyimboyi inamera bwino m'madera a malasha, ku Kentucky ndi kumpoto kwa England. Kumene kuli migodi kumakhala amuna otalikirana ndi kwawo, malipiro a pamwezi m'thumba, ndi nyumba zodikira malipirowo. Achinyamata a ku Tsangano amene atsikira ku Moatize kukasaka ganyu kuzungulira migodi ya malasha safuna wowafotokozera zimenezi.

Pali munthu wa kuno ku Africa amene anaiimba The Animals asanaiganizire n'komwe, ndipo okonda rock ambiri samutchula. Miriam Makeba anaiika pa chimbale chake choyamba cha ku America, chomwe chinatuluka mu 1960, pakati pa nyimbo za Chixhosa ndi Chizulu. Anali atachoka ku South Africa mu 1959. Mu 1960 momwemo mayi ake anamwalira, ndipo atafuna kupita kumaliro anapeza kuti boma la tsankho lamulanda pasipoti. Anakhala kunja zaka zoposa 30. Makeba amaiimba mofatsa, mawu ali oyera, popanda kukuwa kwa Burdon. Sanali mkazi wowonongeka wa m'nyimboyo, koma ankadziwa tanthauzo lokhala mumzinda wa eni khomo lakwanu litatsekedwa. Anthu a ku Mozambique amamukumbukira ndi nyimbo ya A Luta Continua, ndipo n'zoyenera, koma ndikanakonda akanamva ndi iyinso. Ya The Animals imakugwedeza thupi lonse. Ya Makeba ndimaimvera ndikakhala ndekha.

Nyimbo zamagetsi za mtundu wa The Animals zinafika kumwera kwa Africa kudzeranso ku Mozambique. LM Radio, wayilesi ya zamalonda ya ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, inkaulutsa m'Chingerezi ndi Chiafrikaans nyimbo za achinyamata zomwe wayilesi ya boma la South Africa inkazinyalanyaza, ndipo inkamveka kutali pa shortwave mpaka pomwe inatsekedwa mu Okutobala 1975, Mozambique italandira ufulu. Kumapiri a kumpoto kwa Tete mawayilesi anali ochepa. Ankakhala nawo ndi aphunzitsi, eni sitolo, ndi amuna obwera kuulendo, omwe aja ankafika ndi njinga, galamafoni ndi gitala. Ulendo womwewo umene unkameza ena unkabweretsa zoimbira kudzera mwa amene anabwerako. Pambuyo pake nkhondo yapachiweniweni inathamangitsira anthu a ku Tsangano, Angónia ndi Macanga ku Ntcheu ndi ku Dedza, makamaka kuyambira mu 1986. Panthawi ina othawa nkhondo a ku Mozambique anafika pafupifupi miliyoni imodzi m'Malawi, ndipo ambiri anabwerera pambuyo pa pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992. Ana amene anakulira m'misasa ya othawa nkhondo anabwerera ndi makutu ozolowera MBC ndi makaseti a ku Malawi, ndipo mpaka lero nyimbo zimaoloka malire pa Biriwiri, pa Lizulu ndi pa Calómuè mosavuta kuposa katundu.

Zomwe The Animals anachita, zotenga nyimbo ya agogo n'kuiimba ndi zida za makono, si zachilendo kwa olankhula Chichewa ndi Chinyanja. Alick Nkhata, amene ankagwira ntchito pa wayilesi ya Central African Broadcasting Station ku Lusaka m'zaka za m'ma 1950, ankatola nyimbo za m'midzi n'kuzikonza kuti ziimbidwe ndi magitala, ndipo zinkamveka mpaka ku Nyasaland pa timawayilesi totchipa totchedwa Saucepan Special. Daniel ndi Donald Kachamba a kwa Singano ku Chileka anatenga kwela yomwe anaimva banja lawo likukhala ku Salisbury n'kuisakaniza ndi za kwawo, mpaka katswiri wa ku Austria Gerhard Kubik, amene anakumana nawo ku Blantyre mu 1967, anawathandiza kukaimba ku Ulaya. Ku Zambia m'zaka za m'ma 1970 kunabuka Zamrock: magulu monga WITCH ya Jagari Chanda, Amanaz, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, amene ankaimba nkhani za m'makomboni a Lusaka m'Chinyanja pamwamba pa gitala yolira mwaukali. Pulezidenti Kenneth Kaunda atalamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pawayilesi zikhale za ku Zambia, anyamatawa anapeza bwalo. Masiku ano mbale zawo zikusindikizidwanso ku America ndi ku Ulaya, ndipo WITCH ikuimbanso m'mayiko akunja. Choncho rock ya m'chilankhulo chathu ilipo, ndipo ili ndi mbiri yake.

Pali chinthu chimodzi m'mbiri ya House of the Rising Sun chomwe chimandiwawa, ndipo wokonda nyimboyi moona sangachilambalale. Nyimbo yopanda mwini ikayamba kubweretsa ndalama, mwini amapezeka. Pa mbale ya The Animals panalembedwa kuti nyimboyo ndi yamakolo koma anaikonza ndi Alan Price. Anzake anayi amati anauzidwa kuti malo sakukwana kulembapo mayina onse asanu ndipo za ndalama adzakambirana pambuyo pake. Sizinakambidwe. Ndalama za kakonzedweko zinkapita kwa Price yekha, iye anachoka m'gululo mu 1965, ndipo chilondacho sichinapole kwa zaka makumi ambiri. Hilton Valentine, mwini gitala yomwe dziko lonse limaizindikira pa kudoda koyamba, anamwalira mu 2021 dzina lake lisali pa nyimboyo. Georgia Turner analandira tindalama tochepa kwambiri, ndipo anamwalira mu 1969 ali wosauka.

Pa chimbale chija cha Makeba palinso Mbube, ndipo nkhani yake ndi yowawa koposa. Solomon Linda anaijambula ku Johannesburg mu 1939 ndi gulu lake la Evening Birds. Ku America ena anaitenga ngati nyimbo yamakolo yopanda mwini, inasanduka Wimoweh, kenako The Lion Sleeps Tonight ya The Tokens mu 1961, n'kupanga chuma chosaneneka. Linda anamwalira mu 1962 wopanda kanthu, ndipo ana ake anadzapeza chilungamo mu 2006 pambuyo pa mlandu. Mawu oti “nyimbo yamakolo” amatha kukhala ulemu, komanso amatha kukhala njira yofufutira dzina la wosauka. Ndikamva woimba wa m'tauni atatenga nyimbo ya chintali kapena ya chiterera n'kuiika pa kiyibodi osatchula mudzi womwe waitenga, ndimakumbukira Georgia Turner ndi Solomon Linda.

Izi sizitanthauza kuti nyimbo zamakolo zitsekeredwe m'nkhokwe. House of the Rising Sun ikanakhala ya Clarence Ashley yekha, bwenzi lero ikudziwika kwa akatswiri owerengeka. Inakula chifukwa aliyense amene anaigwira anaisintha: mkazi anasanduka mwamuna, chibwenzi chinasanduka bambo, mawu apakamwa analandira gitala, gitala inalandira magetsi. Johnny Hallyday anaiimba m'Chifalansa mu 1964 ngati nyimbo ya mkaidi, Frijid Pink a ku Detroit anaiwonjezera ukali mu 1970, Dolly Parton anaibwezera kwa mkazi. Mmenemo ndi mmenenso nyimbo ya pamtondo imayendera. Mayi amaimva kwa apongozi ake, n'kuchotsamo dzina la mwamuna wa apongoziwo, n'kuikamo la mwamuna wake amene anapita ku Joni chaka chatha ndipo foni yake sikupezekanso. Chomwe The Animals anaonjezera, ndipo n'chifukwa chake ndimawalemekeza, n'choti sanaipeputse nyimboyo kuti igulike. Anaisiya yaitali, yachisoni, yopanda kolasi yoti anthu aziimbira limodzi, n'kuikweza mawu kuti chisonicho chimveke kutali.

Tikudziwa dzina la Georgia Turner chifukwa Lomax analilemba pamodzi ndi malo ndi tsiku. Kuno kwathu ntchito yotere anaigwira Hugh Tracey, amene anayenda m'Nyasaland ndi makina ake mu 1950 ndi mu 1958, kujambula oimba bangwe, azimayi a pamtondo ndi magule a Achewa, Amang'anja, Ayao, Atonga ndi Atumbuka. Mwana wake Andrew Tracey anafufuza ndi kulemba za nyanga, gule wa zitoliro wa Anyungwe a ku Tete, mu 1971. Zojambula zawo zikusungidwa ku International Library of African Music, yomwe Hugh Tracey anayambitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa Rhodes University mumzinda wa Makhanda ku South Africa. Gule Wamkulu, yemwe Macanga ndi Tsangano amagawana ndi Malawi ndi Zambia, analandira ulemu wa UNESCO mu 2005, ndipo n'zonyaditsa. Koma ulemu umenewo ndi wa kubwalo, kwa ng'oma ndi zilombo. Nyimbo za munthu mmodzi wodandaula yekha, za mayi wosinja chimanga kapena za mkulu wokhala pakhonde ndi bangwe, zilibe woziyang'anira, ndipo zikutha msanga chifukwa zigayo zalowa m'malo mwa mtondo ndipo oimba bangwe atsala owerengeka.

Lero foni wamba imajambula mawu bwino kuposa makina olemera omwe Lomax ankanyamula m'galimoto mu 1937, ndipo mafoni otero ali m'matumba a achinyamata kuyambira ku Chidzolomondo mpaka ku Ntengo-wa-Mbalame. Amajambula maukwati, misonkhano ya ndale ndi mpira. Agogo amene anaona malole a Mthandizi ndi maso awo, ndipo akusungabe nyimbo zomwe amayi awo ankaimbira amuna opita ku Salisbury, ali ndi zaka za m'ma 80 ndi 90 tsopano. Mdzukulu wofuna kuwajambula ayambe watchula m'foni momwemo dzina la agogowo, mfunda wawo, mudzi, tsiku, ndi amene anawaphunzitsa nyimboyo, kenako awasiye aimbe mpaka kumapeto osawadula.